Bulangeti, zigamba, mikanda kapena mkeka: chiti chingaonetse bwino kusintha kwa nyengo ya Mzuzu?

Funsani munthu amene wakhala ku Mzuzu kuyambira m'zaka za m'ma 1980, akuuzani kuti mzinda uno unkazizira kuposa lero. Ena amaloza ku Chikangawa, amati mitengo ya paini itadulidwa ndi kupsa, nkhungu nayo inachepa. Ena amati vuto si kutentha koma mvula: imachedwa kuyamba, ikadula imadula nthawi yaitali, ikabwera imabwera yaukali. Achinyamata amangomvetsera, mumtima n'kumati achikulire amakometsa zakale. Manambala othetsa mtsutsowu alipo, koma ndi anthu angati angakhale pansi kuwerenga masamba odzaza madigiri ndi mamilimita?

N'chifukwa chake kumayiko ena anthu oluka anayamba kusandutsa manambalawo kukhala mitundu ya ulusi. Mu 2015 Joan Sheldon, katswiri wa za m'nyanja ku University of Georgia, analuka sikafu yoonetsa kutentha kwa dziko lonse kuyambira m'ma 1600. Mu 2017 Ellie Highwood, pulofesa wa ku University of Reading, analukira khanda la mnzake wakuntchito bulangeti la mizere yotsata kutentha kwa zaka. Chaka chotsatira, 2018, Ed Hawkins wa payunivesite yomweyo anatulutsa chithunzi cha mizere chimene chafala paliponse: zaka zozizira zabuluu, zaka zotentha zofiira, popanda nambala ngakhale imodzi. Ku Anacortes, m'chigawo cha Washington ku America, gulu la Tempestry Project linayamba mu 2017 kuluka nsalu zazitali zoimira chaka chathunthu, tsiku lililonse ndi mzere wake.

Luso la manja ife sitichita kubwereka. Amayi a Umanyano, a Mvano ndi a Dorika amaluka zipewa za ana, majuzi ndi nsalu zoyala pamipando. Matelala ali m'makonde a masitolo kuyambira ku Luwinga mpaka ku Chibavi. Mikeka ndi mphasa tinazipeza. Chotsala ndi kusankha njira imene ingasenze nyengo ya Mzuzu n'kuionetsa moona, ndipo njirazi sizilingana. Imene yatchuka kwambiri pa intaneti ndi imene ine ndingaiike pamapeto.

Musanagule ulusi

Chaka chimodzi sichinena kanthu za kusintha kwa nyengo. Bungwe la World Meteorological Organization limatenga zaka 30 kuti lidziwe nyengo yokhazikika ya dera, ndipo muyeso womwe ukugwira ntchito panopa ndi wa 1991 mpaka 2020. Mukaluka chaka chino chokha, mwangoonetsa kuti Julayi amazizira ndipo Okutobala amatentha, zomwe ngakhale mwana wa sitandade wani amadziwa. Kusintha kumaoneka mukaika zaka zambiri pamodzi, kapena mukaika chaka chakale pambali pa chaka chatsopano, zonse zolukidwa ndi lamulo limodzi la mitundu.

Manambalawo muwatenga kuti? Odalirika kwambiri ndi a nthambi ya boma yoona za nyengo, ya Department of Climate Change and Meteorological Services, yomwe likulu lake lili ku Blantyre ndipo ili ndi malo oyezera nyengo pabwalo la ndege la Mzuzu. Amenewa ndi manambala oyezedwa pansi pomwe pano, ndipo ngati mukuchita ntchito ya sukulu, ya mpingo kapena ya gulu, kalata yopempha ndiye poyambira. Amene ali ndi bandulo akhoza kutsitsa zaulere pa tsamba la pa intaneti la NASA POWER, pomwe pali kutentha ndi mvula za tsiku ndi tsiku kuyambira 1981. Koma apa chenjerani. NASA POWER imagawa dziko m'mabokosi aakulu, mbali iliyonse makilomita oposa 50, n'kupereka nambala imodzi pabokosi lonse. Mzuzu ali pamalo okwera mamita pafupifupi 1,250 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe Nkhata Bay, yemwe ali pamtunda wosakwana makilomita 50 kuchoka kuno, ali m'mphepete mwa nyanja pamamita osafika 500. Aliyense amene anatsikapo msewu umenewo amadziwa pomwe juzi imavulidwa. Bokosi lalikulu chotero limasakaniza phiri ndi chigwa, choncho madigiri ake sangafanane ndendende ndi a pabwalo la ndege. Amathandiza kuona ngati zaka zikukwera kapena kutsika, osati kunena kuti pa 3 Juni ku Katoto kunali madigiri akutiakuti. Pa mvula pali nkhokwe ina ya manambala ya pa intaneti yotchedwa CHIRPS, nayonso yoyambira 1981, yomwe mabokosi ake ndi aang'ono, pafupifupi makilomita asanu. Ndipo ngati mukufuna mizere ya Malawi yense yokonzedwa kale, ili pa tsamba la Show Your Stripes la Hawkins uja.

Chimene simuyenera kuchita ndi kusakaniza: theka la zaka kuchokera kwa azanyengo, theka kuchokera pa intaneti. Pamene mwalumikizapo padzaoneka kudumpha kwa mitundu, ndipo anthu adzati nyengo inasintha chaka chimenecho, chikhalirecho chinasintha ndi gwero la manambala.

Bulangeti la tsiku ndi tsiku

Iyi ndiyo njira yotchuka ija. Tsiku lililonse mumaona kutentha kwa masana pomwe kunafika pachimake, mumasankha ulusi wa mtundu wogwirizana nako, n'kuluka mzere umodzi. Chaka chikatha muli ndi bulangeti. Ubwino wake sitingaukane: kuno bulangeti ndi chinthu chofunika, sichongokoleka pakhoma, ndipo kuluka mzere umodzi madzulo alionse kumamuphunzitsa munthu kuyang'ana kumwamba.

Koma lamulo la mitundu la Tempestry linakonzedwera mayiko omwe madzi amaundana m'nyengo yozizira. Iwo amasintha mtundu pa madigiri asanu alionse a Fahrenheit, omwe ndi madigiri pafupifupi atatu a Celsius. Ku Mzuzu kutentha kwa masana kumayenda pang'ono: cha m'ma 20 mu Juni ndi Julayi, cha m'ma 27 kapena 28 mu Okutobala ndi Novembala. Mukatengera lamulo lawo, chaka chonse chithera m'mitundu itatu kapena inayi yoyandikana, bulangeti n'kuoneka ngati la mtundu umodzi wosuluka. Muyenera kupanga lamulo lanu, digiri iliyonse ndi mtundu wake, kapena kuluka kuzizira kwa mbandakucha m'malo mwa kutentha kwa masana. Kunena zoona, mtsutso wa anthu a Mzuzu umakhala pa kuzizira kwa m'mawa kuja, osati pa dzuwa la masana.

Palinso masamu omwe ambiri amawazindikira atafika mu Ogasiti. Mukaluka ndi singano yokhota kunsonga, ija ya crochet, ndipo mzere uliwonse ndi wokwera sentimita imodzi, masiku 365 akupatsani mamita atatu ndi theka n'kupitirira. Bedi silifika ngakhale mamita awiri. Pafunika kaluko kakafupi, ka theka la sentimita, kuti chaka chikwane pabedi. Ndiye pali michira. Nthawi iliyonse mukasintha mtundu mumasiya nsonga ziwiri za ulusi zofunika kuzilowetsa mkati ndi singano yosokera, ndipo ngati mtundu ukusintha pafupifupi tsiku lililonse, nsongazo zimafika m'mazana ambiri. Amene amazisiya kuti adzalowetsa pomaliza, bulangeti lake limathera m'katoni.

Ulusi nawo ndi nkhani. Wambiri umene timagula ndi wochokera kunja, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa zakunja aliyense akuudziwa. Choipa kuposa mtengo ndi chakuti wofiira amene mwagula mu Januwale simudzamupezanso mu Seputembala. Wabwera wina wofiira mosiyanako. Pa juzi wamba zimenezo zilibe kanthu, koma pano mtundu ndiwo nambala. Kumasula majuzi a pakaunjika kumapulumutsa ndalama, koma kumapereka ulusi wochepa pa mtundu uliwonse, wonenepa mosiyanasiyana.

Ndipo mutavutika chonchi, muli ndi chaka chimodzi basi. Kuti lilankhule za kusintha, pafunika lachiwiri: mwachitsanzo 1985 ndi 2024. Ngakhale pamenepo wotsutsa akhoza kukufunsani, ndipo adzakhala akulondola, chifukwa chimene mwasankhira zaka ziwirizo osati zina. Ngati mtima wanu uli pa njira imeneyi, chitani monga gulu: amayi khumi, aliyense sikafu yopyapyala ya chaka chake, zaka zotalikirana mofanana, zonse n'kukolekedwa pamzere umodzi. Pamenepo zimayamba kumveka.

Mizere ya zigamba kwa telala

Njira imene ndimaiona yoyenera kwambiri pa kutentha ndi yosavuta kuposa zonse: chaka chimodzi, chigamba chimodzi chachitali. Mumatenga kutentha kwa chaka chonse mwa avereji, n'kuona ngati kuli pamwamba kapena pansi pa avereji ya zaka 30, ndipo ndi motani. Zaka zapansi zimatenga buluu, wakuda kwambiri kwa zozizira kwambiri. Zapamwamba zimatenga zofiira. Kuchokera 1981 mpaka 2024 ndi zaka 44. Chigamba chilichonse chikakhala masentimita anayi, nsalu yonse ikwana masentimita 176, kutalika kosasiyana kwenikweni ndi chitenje. Telala wodziwa ntchito amaimaliza m'masiku ochepa, osati chaka.

Chifukwa chake njirayi imagwira ndi chakuti kutentha kwa chaka ndi chaka kumasintha pang'ono kwambiri moti khungu silimva. Kafukufuku wa UNDP, nthambi ya United Nations yoona za chitukuko, anapeza kuti kutentha kwa Malawi kunakwera ndi madigiri 0.9 pakati pa 1960 ndi 2006. Digiri imodzi simungaione pa bulangeti la tsiku ndi tsiku, imabisala m'kati mwa kusiyana kwa Juni ndi Okutobala. Pa mizere ya zaka, kusiyana kwa miyezi kwachotsedwa, chatsala ndi digiri imodziyo, ndipo ikagawidwa m'mitundu isanu ndi itatu kapena khumi imaonekera patali. Pa dziko lonse chaka cha 2024 ndicho chinatentha kuposa zonse zolembedwa, pafupifupi madigiri 1.55 pamwamba pa nthawi yomwe mafakitale anali asanachuluke, kupyola malire a 1.5 omwe mayiko anagwirizana ku Paris mu 2015 kuti ayesetse kusawadumpha. Choncho mbali ya kumanja ya nsalu ya dziko lonse imakhala yofiira ndithu. Ya Mzuzu mudzaiona mukaisoka, ndipo musaikakamize kufanana ndi ya dziko lonse.

Mukapita ku msika wa Taifa kukasankha nsalu, mtima udzakukokerani ku zitenje zamaluwa. Zikanizeni. Chitenje chimodzi chimakhala ndi mitundu isanu, ndipo diso silingadziwe kuti nambala ndi uti. Pafunika nsalu zopanda maluwa, monga zosokera mayunifolomu, ndipo mitundu yake iyende mwadongosolo kuchokera kowala kupita koderapo. Muyeso wake ndi uwu: yalani tizidutswa patebulo, jambulani ndi foni, sinthani chithunzicho chikhale chakuda ndi choyera. Ngati mabuluu awiri aoneka ofanana, mmodzi achoke. Chapani nsalu zonse musanadule, chifukwa yofiira yotchipa imasuluka n'kudetsa yoyera yoyandikana nayo, zaka zapakatikati n'kusanduka zotentha mu beseni.

Pofooka pake ndi pomwe pali mphamvu yake: ilibe manambala, ndipo imakokomeza. Kufiira kwa magazi kumaimira mwina digiri imodzi yokha, ndipo munthu wosauzidwa akhoza kuganiza kuti mzinda ukupsa. Kanthu kena kongodziwika kwathu kuno: nsalu yaikulu ya buluu ndi yofiira ikakolekedwa pagulu nthawi ya kampeni, ena adzayamba kufunsa kuti ndi ya chipani chiti musanafotokoze n'komwe.

Mikanda ya mvula

Kwa mlimi wa ku Mzimba, mayi wa dimba ku Lunyangwa kapena banja lokhala m'munsi mwa chitunda ku Masasa, kutentha si nkhani yoyamba. Nkhani ndi mvula. Mu Epulo 2016 mvula yamphamvu inagwetsa nyumba ndi kupha anthu mumzinda muno. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anapha anthu oposa 1,000 kummwera. Chaka chotsatira, mu Malichi 2024, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha chilala cha El Niño. Zaka ziwiri zotsatizana, china madzi ochuluka, china osowa. Mukasoka mvula m'mizere ya zigamba ngati kutentha, simudzaona kuyenda kuchoka ku mtundu wina kupita ku wina. Mudzaona mitundu yodumphadumpha, chifukwa mvula ya chaka ndi chaka imasinthasintha kwambiri. Mvula imafuna njira yoonetsa kuchuluka ndi nthawi pamodzi, ndipo mikanda imatha zimenezo.

Pali machitidwe awiri. Oyamba: chingwe chimodzi ndi chaka chimodzi, mkanda umodzi ndi mamilimita 20, mwezi uliwonse ndi mtundu wake. Mzuzu amalandira mvula yoposa mamilimita 1,200 pa chaka chabwinobwino, ndiye kuti mikanda pafupifupi 60 pachingwe. Zingwe 44 zikakolekedwa pandodo imodzi, zazifupi ndi zazitali zimadzionetsa zokha, ndipo mumaonanso ngati mtundu wa Novembala ukuchepa kapena wa Epulo ukuchuluka. Chaka chiyambireni mu Julayi kapena Ogasiti, osati mu Januwale, kuti dzinja limodzi lisaduke pakati n'kugwera pazingwe ziwiri.

Achiwiri ndi omwe ndimawakonda. Mkanda umodzi ndi tsiku limodzi, kuyambira 1 Novembala mpaka 31 Meyi, masiku 212, poti kuno mvula imapitirira pomwe anzathu a ku Lilongwe ayamba kale kukolola. Tsiku louma, mkanda woyera. Mvula yowaza, wobiriwira. Mvula yabwino, wabuluu. Chimvula choopsa, wakuda. Zingwe zonse zimakhala zotalika mofanana, koma yang'anani pomwe mikanda yoyera yandandalika khumi kapena khumi ndi isanu pakati pa Januwale: imeneyo ndi ng'amba, ija imafotetsa chimanga chikumasula ngayaye. Avereji ya chaka siingakuonetseni zimenezo. Chaka chikhoza kukwanitsa mamilimita ake onse, koma theka lake litagwa m'masiku asanu, lotsalalo n'kukhala dzuwa. Mlimi akagwira chingwe chotero m'manja safuna womumasulira. Amaloza yekha n'kunena kuti apa ndi pomwe tinabzalanso kachiwiri.

Mikanda sisuluka msanga, siopa chinyezi, ndipo ana a sukulu amatha kutunga mosavuta, aliyense chaka chake. Vuto lake ndi kuchuluka: zaka 30 pa masiku 212 ndi mikanda yoposa 6,000. Yaing'onoing'ono ija siioneka patali, pomwe ikuluikulu ndi yodula. Ena angagwiritse ntchito njere zouma, timitengo tansungwi todula kapena zitsekerero za mabotolo, koma zopakidwa utoto zimakobokera. Chingwe chikhale cholimba, monga chija cha asodzi, ndipo mangani mfundo pakatha mwezi uliwonse. Chikaduka mudzatola mikanda ya mwezi umodzi, osati ya dzinja lonse. Komanso machitidwe achiwiriwa amafuna manambala a tsiku ndi tsiku oyezedwa pansi. A pa intaneti aja amakonda kumwaza mvula pang'onopang'ono pamasiku ambiri, ng'amba n'kubisika.

Mkeka ndi mphasa

Apa mtima umafuna, koma zipangizo zimakana pang'ono. Mlaza umalandira utoto, inde, koma mitundu yopezeka ndi yochepa, ndipo kupanga mabuluu anayi osiyana bwinobwino pa mlaza ndi ntchito yovuta. Dzuwa limausulutsa, ndipo chinyezi cha Mzuzu chimabweretsa nkhungu pa chilichonse chosungidwa pakona. Choncho mkeka sungasenze magawo khumi a kutentha. Umakwana pa nkhani ya magawo atatu: mvula yochepa, yapakatikati, yochuluka, momwe azanyengo amalengezera ulosi wa dzinja chaka ndi chaka.

Pomwe mphasa imapambana zonse ndi pa nyanja. Bango lililonse likhale chaka, ndipo mulipake utoto kuchokera pansi kufika pomwe madzi a nyanja ya Malawi anafika chaka chimenecho. Mbiri ya nyanjayi ndi yaitali ndiponso yodabwitsa. Pakati pa 1915 ndi 1935 madzi anatsika mpaka analeka kutuluka kupita mu Shire. Cha m'ma 2016 ndi 2017 anatsikanso, magetsi n'kumazima maola ambiri chifukwa makina a pa Shire analibe madzi okwanira. Mu 2024 anakwera kupitirira mamita 476 pamwamba pa nyanja yamchere, n'kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za m'mphepete. Mphasa yotero ikaimikidwa pakhoma, mzere wa madzi umakwera ndi kutsika ngati mafunde enieni. Manambala a nyanja amasungidwa ndi National Water Resources Authority. Kumbukirani kuti nyanja imasintha ndi mamita ochepa chabe, choncho pansi pa bango pasayambire pa ziro. Payambire pa mamita monga 470, ndipo mulembe zimenezo poyera. Dziwaninso kuti kuyambira 1965 pali chotchinga madzi cha Kamuzu Barrage ku Liwonde, kotero si kukwera kulikonse kumene kuli kwa mvula yokha.

Kupeta nsalu

Kwa munthu mmodzi wa ndalama zochepa, iyi ndiyo yotchipa. Nsalu yoyera imodzi, singano, ndi ulusi wopetera wa mitundu ingapo. Jambulani timabokosi: mizere yopingasa ndi zaka, yotsika ndi miyezi 12. Bokosi lililonse mulidzaze ndi mtundu wa mvula kapena kutentha kwa mwezi umenewo. Zaka 30 ndi timabokosi 360, ntchito yofanana ndi bulangeti la chaka chimodzi lija, koma yonyamula zaka 30. Ndipo ndi njira yokhayo yolola kulemba mawu: pambali pa 2016 mukhoza kupeta kuti madzi osefukira, pambali pa 2019 namondwe Idai, pambali pa 2022 namondwe Ana, yemwe anaononga malo opangira magetsi a Kapichira. Choipa chake n'chakuti ndi yaing'ono. Ndi yoonera pafupi, anthu awiri kapena atatu, osati yoimika kutsogolo kwa msonkhano. Imafunanso maso abwino ndi kuwala, zomwe madzulo a magetsi ozimazima sapereka.

Nanga kudziyezera nokha?

Ena adzati bwanji osangoyamba lero ndi manambala athu. N'zotheka, ndipo pa mvula n'zosavuta: chitini chowongoka, chofanana kukamwa ndi pansi, choikidwa poyera kutali ndi denga ndi mitengo, n'kumayeza ndi rula nthawi imodzimodzi m'mawa uliwonse. Pa kutentha pamafunika kusamala. Choyezera chikakolekedwa pakhoma la nyumba ya malata kapena poomba dzuwa, mukuyeza malata, osati mpweya. Chikhale pamthunzi podutsa mphepo, ndipo chisasunthidwe. Phindu la kudziyezera ndi lakuti mvula ya Mzuzu imagwa mwa apo ndi apo. Ku Zolozolo kukhoza kunyowa ku Mchengautuwa kuli fumbi. Koma manambala anu ayamba lero, ndipo sangayankhe funso la 1985. Tsiku lomwe simunayeze, musaganizire nambala. Ikani ulusi wotuwa kapena mkanda wamtengo wosapaka, aliyense adziwe kuti apa sitikudziwa. Ngakhale mabuku a azanyengo ali ndi mipata yotero.

Ndiye musankhe chiti?

Zitengera funso limene likukuvutani. Ngati ndi loti kodi kukutentha kuposa kale, pitani kwa telala. Palibe njira ina imene imayankha msanga ndi momveka chotero. Ngati ndi la mvula, ndipo omvera anu ndi alimi, komiti ya m'dera yoona za ngozi kapena ana a sukulu, tungani mikanda ya tsiku ndi tsiku, ngakhale mutayamba ndi madzinja khumi okha. Anthu a ku Nkhata Bay, Usisya ndi Chintheche, omwe moyo wawo uli pa madzi, mphasa ya nyanja ndi yawo. Wopeta yekha pakhomo atenge timabokosi ta miyezi. Bulangeti la tsiku ndi tsiku lisiyireni amene akufuna mphatso, monga chaka chobadwa mwana kapena chaka cha ukwati. Ndi lokongola, koma musalitenge kukatsutsira nalo munthu.

Pali malire amodzi omwe njira zonsezi zili nawo. Nsalu imaonetsa kuti chasintha, siinena chimene chasinthitsa. Ngati mbandakucha wa Mzuzu ukufunda, mbali ina ndi mpweya woipa wa dziko lonse, uja wa carbon dioxide, womwe pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii unali pafupifupi magawo 315 pa miliyoni pomwe anayamba kuyeza mu 1958 ndipo lero wapitirira 420. Koma mbali ina ikhoza kukhala yathu yomwe: mzinda wakula, malata ndi phula zachuluka kuzungulira malo oyezera, mitengo ya ku Kaning'ina ndi ku Viphya yachepa. Madzi akalowa m'nyumba, mvula ili ndi mbali yake, komanso kumanga m'madambo ndi ngalande zotsekeka ndi zinyalala zili ndi yake. Woimirira pambali pa nsaluyo kufotokoza ayenera kunena zonsezi, apo ayi wotsutsa woyamba adzamugwetsa.

Chilichonse chimene mwasankha, sokererani kansalu kumbuyo kapena pangodya, kolembedwa ndi cholembera chosafufutika: malo, zaka, kumene manambala anachokera, ndi tanthauzo la mtundu uliwonse, ndi kachidutswa ka ulusi kapena mkanda weniweni pambali pa nambala yake. Pepala limatayika, ndipo foni yomwe munasungamo lamulo la mitundu idzagulitsidwa. Gulaninso ulusi, nsalu kapena mikanda yopitirira muyeso pa mitundu yakumapeto, yofiira kwambiri ndi yakuda ya chimvula, ndipo pa lamulo lanu musiye malo a mtundu umodzi kapena iwiri pamwamba pa nambala yaikulu imene muli nayo lero. Hawkins yemwe anachita kuwonjezera kufiira koderapo pa mizere ya dziko lonse chaka cha 2023 chitapyola mitundu yomwe anali nayo.